Mmene mungasankhire wolankhulira malonda anu ndi kukonza uthenga woti anthu agule

Munthu akapeza kandalama kotsatsira malonda ake pa wailesi, nthawi zambiri amayamba ndi kufunafuna woyimba wotchuka kapena katswiri wa mpira woti amulankhulire, ndipo ndalama imathera pomwepo uthenga weniweniwo usanalembedwe n'komwe. Malangizo awa ndalembera eni mabizinesi ang'onoang'ono komanso amene amakonza mauthenga m'mabungwe, ndipo mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse ndi yakuti wolankhula amasankhidwa mutadziwa kale chimene wogula akukayika, chifukwa ntchito ya wolankhulayo ndi kuchotsa chikayiko chimenecho.

Kuti tisamangolankhula zam'malere, titenga chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti muli ndi sitolo ya zipangizo zaulimi pamsika wina wa kumudzi, ndipo mukufuna kugulitsa matumba a PICS osungiramo chimanga popanda kuthira mankhwala. Matumba amenewa anachokera ku kafukufuku wa akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America, amene poyamba ankafuna njira yosungira khobwe. Ali ndi mapepala awiri apulasitiki mkati ndi saka kunja, ndipo akamangidwa bwino mpweya sulowa, kotero kuti anankafumbwe amamaliza mpweya wotsalamo, amaleka kudya ndi kuswana, kenako amafa. Katunduyu ndi wabwino, koma mlimi amene sanamuonepo ali ndi zifukwa zomveka zomukayikira.

Choyamba, pitani mukamve chikayikocho ndi makutu anu. Musatume mwana wa m'sitolo kuti akakumvereni, paja kandimverere anakanena zam'maluwa. Khalani pakhomo pa sitolo tsiku la msika, thumba limodzi mutalitambasula patebulo, ndipo aliyense amene walinyamula n'kulibwezanso pansi mumufunse mwaulemu chimene chamubweza. Mudzamva mawu onga awa: "Popanda mankhwala zingatheke bwanji?" Wina adzati, "Mtengo wa limodzili ndigula masaka angati wamba?" Winanso adzati, "Khoswe akaboola ndiye kuti ndalama yanga yalowa m'madzi." Lembani mawuwo mu kope monga mmene awanenera, osawakongoletsa, chifukwa ndi mawu omwewo amene adzabwerere mu uthenga wanu. Mukacheza ndi anthu makumi awiri kapena atatu mudzaona kuti funso limodzi likubwerezedwa kuposa ena onse. Limenelo ndilo mutu wa uthenga wanu woyamba, ndipo mafunso enawo adikire uthenga wachiwiri, pakuti masekondi 45 a pa wailesi sanganyamule mayankho atatu.

Chachiwiri, dzifunseni kuti wogula amaganiza mozama bwanji asanatulutse ndalama pa katundu wanuyo, chifukwa yankho lake ndilo limasonyeza ngati munthu wotchuka angakuthandizeni kapena ayi. M'chaka cha 1983 akatswiri atatu a ku America, Richard Petty, John Cacioppo ndi David Schumann, anaonetsa ophunzira a pa yunivesite mauthenga otsatsa lezala lometera. M'mauthenga ena olankhula anali akatswiri otchuka a masewera, mwa ena anali anthu wamba. Ena anali ndi zifukwa zamphamvu zogulira lezalalo, ena zifukwa zofooka. Ophunzira amene anauzidwa kuti posachedwa adzasankha okha lezala anatengeka kwambiri ndi mphamvu ya zifukwazo, pamene amene nkhaniyo sinkawakhudza kwenikweni anatengeka ndi kutchuka kwa wolankhula. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti pa zinthu zotsika mtengo zimene munthu amagula mosaganiza kawiri, monga chakumwa choziziritsa kukhosi kapena sopo, nkhope yodziwika ikhoza kugwira ntchito. Koma thumba losungiramo chimanga likukhudza chakudya cha banja lonse mpaka mwezi wa Febuluwale, ndipo pa chinthu chotere munthu amafuna chifukwa chogwira mtima chochokera kwa wina amene akudziwa zimene akunena.

Chachitatu ndi kusankha wolankhulayo, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Lembani mayina a anthu onse amene mukuwaganizira, monga mlangizi wa zaulimi, mlimi wachitsanzo, a nyakwawa, mtsogoleri wa mpingo kapena wa mzikiti, muulutsi wa pa wailesi ya m'dera lanu, ngakhalenso woyimba uja, ndipo aliyense mumuyese ndi mafunso atatu. Kodi anthu amakhulupirira kuti nkhani imeneyi amaidziwa? Kodi amakhulupirira kuti anganene zoona ngakhale zitapanda kumupindulira? Nanga kodi womvera angadzione yekha mwa munthu ameneyu?

Kufunika kwa mafunso awiri oyambawo kunaoneka kale mu 1951, pamene Carl Hovland ndi Walter Weiss a pa yunivesite ya Yale anapatsa ophunzira nkhani zofanana ndendende, n'kungosintha dzina la amene akuti walemba. Imodzi mwa nkhanizo inkanena za kuthekera kopanga sitima yoyenda pansi pa nyanja ndi mphamvu ya nyukiliya. Ena anauzidwa kuti walemba ndi wasayansi Robert Oppenheimer, ena anauzidwa kuti yachokera mu Pravda, nyuzipepala ya chipani cholamula ku Soviet Union. Mawu anali amodzimodzi, koma amene ankaganiza kuti akumva kwa munthu wodalirika ndi amene anasintha maganizo kwambiri. Akatswiriwa anapezanso kanthu kena koyenera kukakumbukira: patapita milungu inayi kusiyana kuja kunachepa kwambiri, chifukwa anthu ankakumbukira nkhani koma osailumikizanso ndi amene anainena. N'chifukwa chake uthenga wanu uyenera kubwerezedwa ndi liwu la munthu yemweyo, ndipo nkhope yake ioneke pachikwangwani cha pasitolo, kuti chikhulupiriro chimene anthu ali nacho pa iye chisalekane ndi katundu wanu.

Mukawayesa motero, mudzaona kuti woyimba amagwa pa funso loyamba, popeza palibe amene amakhulupirira kuti iye amatonola chimanga n'kumasunga m'nyumba. Mlangizi wa zaulimi amapambana pa kudziwa, koma ngati ndi wa boma musamukokere m'malonda anu akuluakulu ake asanavomereze, mungamuikitse m'mavuto pantchito. A nyakwawa ndi atsogoleri a zipembedzo ndi olemekezeka, koma ine ndimaona kuti ndi bwino kuwapempha kuti aitane anthu kuchionetsero kusiyana n'kuwachititsa kutchula mitengo ya katundu, chifukwa ulemu wawo ndi wa mudzi wonse. Amene amatsala, ndipo ndi amene ndingakulangizeni, ndi mlimi weniweni amene chimanga chake chinafumbwapo, kenako anayesa thumbalo n'kuona kusiyana. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo munthu amene anatayapo chakudya cha ana ake amalankhula ndi liwu limene wochita zisudzo sangathe kuliyerekeza. M'mabanja ambiri amene amatsegula thumba kukatapa chimanga cha kuchigayo ndi mayi, choncho yambani mwafunafuna pakati pa amayi. Alankhulenso chilankhulo cha ogula anu: ngati sitolo ili ku Mangochi uthenga umveke m'Chiyao, ku Mzimba m'Chitumbuka, ku Nsanje m'Chisena.

Izi sizikutanthauza kuti munthu wotchuka alibe ntchito. Amathandiza pamene moyo wake ukugwirizana ndi katunduyo, monga mmene katswiri wa masewera a basketball Michael Jordan, amene anasainirana mgwirizano ndi Nike mu 1984, ankatsatsira nsapato zimene iye mwini ankavala posewera. Amathandizanso pamene akuchita chinthucho pamaso pa anthu m'malo mongochinena. Mu Marichi 2021, katemera wa Covid-19 atangofika m'dziko muno anthu ambiri ali ndi mantha, Pulezidenti Lazarus Chakwera anabayitsa katemerayo ku Zomba makamera akujambula, popeza chikayiko cha anthu chinali chakuti kodi akuluakuluwo iwo eni angalole kubayidwa. Ngati wotchuka amene mukumufuna sangagwiritse ntchito katundu wanu poyera, ndalama yanuyo isungeni.

Chachinayi, sankhani njira yokopera womvera. Zilipo zingapo: mukhoza kumuwerengera phindu, mukhoza kumuchititsa mantha ndi zimene angataye, mukhoza kumusonyeza kuti anzake ayamba kale, kapenanso kumuseketsa. Pa nkhani ya chimanga ambiri amathamangira mantha, ndipo m'pomveka, chifukwa palibe mlimi amene sadziwa kuwawa kotsegula thumba mu Novembala n'kupeza fumbi lokhalokha. Koma mantha ali ndi malamulo ake. Mu 1965 Howard Leventhal ndi anzake anapatsa ophunzira timabuku tonena za matenda a kafumbata, tina toopsa kwambiri tokhala ndi zithunzi, tina tofotokoza mofatsa. Oopsezedwa kwambiriwo ananena motsimikiza kuti akabayitsa katemera, komabe kuopsezako sikunachulukitse amene anapitadi. Chimene chinasintha zinthu ndi kapepala kosonyeza pamene pali chipatala cha pasukulupo, nthawi imene amabaya, ndi pempho lakuti aliyense asankhiretu tsiku ndi njira yodzera. Mwa amene analandira malangizo amenewa, pafupifupi 28 mwa 100 alionse anakabayitsa, pamene mwa enawo anali pafupifupi 3 okha. Pambuyo pake, mu 1992, Kim Witte anafotokoza chifukwa chake: munthu ukamuopseza koma iye osaona chimene angachite, amalimbana ndi manthawo m'malo molimbana ndi vutolo, ndiye amazima wailesi, kapena amadziuza kuti zimenezo n'za anthu ena.

Choncho ngati mwasankha mantha, chiganizo chimodzi choopsa chitsatane ndi ziganizo zitatu zosonyeza chochita, ndipo chochitacho chikhale chimene womvera angakwanitse sabata yomweyo ndi ndalama imene ali nayo. Muuzeni kuti angathe kuyamba ndi thumba limodzi lokha, n'kusungamo chimanga chimene akufuna kudzadya m'miyezi ya njala. Muuzeni pamene sitolo ili potchula chizindikiro chimene aliyense amachidziwa, monga moyang'anizana ndi chigayo kapena kuseri kwa depoti ya maminibasi. Pewani kuchititsa manyazi amene sanagule, monga kunena kuti amene akuthirabe mankhwala ndi otsalira, chifukwa munthu amene mwamunyoza pa wailesi sabwera kudzakupatsani ndalama yake. Nthabwala nazo zimafuna kusamala: anthu akhoza kumabwereza mawu oseketsawo m'minibasi mwezi wathunthu koma osadziwa kuti ankatsatsa chiyani, ndiye ngati mukufuna kuseketsa, choseketsacho chikhale pa katunduyo.

Ganiziraninso za amene adzamve kapena kuona uthengawo ngakhale simunawalembere iwo. M'chaka cha 2002 bungwe loona za umoyo la PSI linatulutsa makondomu a Chishango ndi chithunzi chatsopano cha mkazi woonetsa ntchafu, pofuna kukopa achinyamata. Atsogoleri a zipembedzo ndi anthu ena anadandaula, ndipo bungwe la boma lounika zithunzi ndi mafilimu linalamula kuti chithunzicho chichotsedwe. Cholinga chinali chabwino, choteteza miyoyo, koma chikwangwani cha pamsewu chimaonedwa ndi mwana ali ndi agogo ake, ndipo wailesi ya m'nyumba amamvera apongozi ali pomwepo.

Chachisanu, lembani uthengawo pamodzi ndi wolankhulayo, osati kumulembera. Khalani naye pakhonde pake, foni ikujambula mawu, mumufunse kuti afotokoze zimene zinamuchitikira kuyambira pokolola mpaka potsegula thumba. Musamudule. Mukamvetsera pambuyo pake mudzapeza ziganizo zinayi kapena zisanu zimene inu simukanatha kuzipeka, ndipo zimenezo ndizo uthenga wanu. Ukhoza kumveka motere, atayamba watchula dzina lake lenileni ndi mudzi wake:

"Chaka chatha pofika Novembala ndinatsegula thumba n'kupeza anankafumbwe ali nyakanyaka, chimanga chonse chasanduka fumbi. Chaka chino ndinayanika mpaka chinauma gwa, ndinathira m'thumba la PICS, pepala lililonse n'kulimanga palokha. Mankhwala sindinathire ngakhale pang'ono. Ndatsegula dzulo, chimanga chili mbee ngati ndangotonola kumene."

Akatha iyeyo, liwu lachiwiri, la muulutsi, litchule dzina la sitolo, malo ake, mtengo wa thumba limodzi ndi tsiku la chionetsero, ndipo dzina la sitolo limveke kawiri. Mtengo asatchule mlimiyo, chifukwa akangoutchula amasanduka wogulitsa m'makutu mwa anthu, ndipo mphamvu yake yonse inali yakuti iye ndi wogula mnzawo. Onetsetsani kuti mawu akuti "chinauma gwa" asachotsedwe pofupikitsa uthengawo. Chimanga chosauma bwino chikatsekeredwa m'thumba losalowa mpweya chimaonongeka, ndipo mlimi mmodzi amene zamuchitikira zimenezi adzauza mudzi wonse kuti matumba anu ndi abodza. Ngati mayiyo akuchita mantha ndi situdiyo, mujambulireni kwawo m'chipinda chopanda phokoso, ndipo asawerenge papepala, popeza munthu wosazolowera akamawerenga liwu limauma ndipo omvera amazindikira msanga kuti wachita kupatsidwa zonena.

Chachisanu ndi chimodzi, musanalipire wailesi yesani uthengawo pa anthu khumi amene sakukudziwani. Amvetseni kamodzi kokha pafoni, muchezeko nawo zina kwa mphindi zingapo, kenako muwafunse kuti amalankhula uja ndi ndani, amanena za chiyani, ndipo munthu wofuna kugula apite kuti. Musawafunse ngati uthengawo ndi wabwino, chifukwa mwaulemu wathu onse adzati ndi wabwino. Ngati atatu kapena anayi alephera kutchula malo a sitolo, bwererani mukakonze gawo la muulutsi.

Chachisanu ndi chiwiri ndi mgwirizano wolembedwa, umene ambiri amaunyalanyaza poganiza kuti ndi wa makampani akuluakulu okha. Ngakhale wolankhula wanu ndi mlimi wa m'mudzi woyandikana nanu, lembani ndalama imene mudzamupatse, miyezi imene mawu ake ndi chithunzi chake zidzagwiritsidwe ntchito, ndi malo ake, kaya pa wailesi, pachikwangwani, pa Facebook kapena pa WhatsApp, ndipo mumuwerengere m'chilankhulo chake pali mboni asanasaine. Mlipireni moyenera, chifukwa akukubwerekani dzina limene walisamala zaka zambiri. Mulembenso kuti m'nyengo imeneyo sadzatsatsa katundu wopikisana ndi wanu, komanso kuti mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano ngati inayo yachita zochititsa manyazi. Makampani akuluakulu anaphunzira zimenezi mowawa: kampani ya Accenture inathetsa ubale wake ndi katswiri wa gofu Tiger Woods mu Disembala 2009 nkhani za m'banja mwake zitabuka, Nike inasiyana ndi katswiri wa mpikisano wa njinga Lance Armstrong mu 2012 chifukwa cha nkhani ya mankhwala oonjezera mphamvu, ndipo Adidas inasiyana ndi woyimba Kanye West mu Okutobala 2022 atalankhula mawu achidani onena za Ayuda. Mbiri ya wolankhula ikaipa imadetsa katundu, ndiye musanamusankhe funsani mwakachetechete kwa anthu a m'dera lake ngati alibe milandu ya ngongole kapena mikangano ya minda, ndiponso ngati sadziwika kwambiri ndi chipani china, zimene zingakutayitseni theka la ogula.

Pa malamulo, kumbukirani kuti lamulo loteteza ogula la m'chaka cha 2003 limaletsa kutsatsa malonda monama kapena mosocheretsa, ndipo ogula akhoza kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Zonse zimene wolankhula wanu anena zikhale zimene zinamuchitikiradi, ndipo musalonjeze kuti khoswe sangaboole thumbalo, chifukwa akhoza kuliboola. M'malo mwake langizani kuti lisanjikidwe pathandala, lisagunde khoma. Ngati mukufuna kuika nyimbo ya munthu wina pansi pa mawu, pezani chilolezo kwa mwini wake, ndipo a bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa nyimbo ndi ntchito zina zaluso, angakuuzeni njira yake.

Tsopano ulutsani. Kwa sitolo ya pamsika umodzi, wailesi ya m'dera, monga zimene zili ku Nkhotakota, ku Mzimba kapena ya Dzimwe ku Mangochi, imafika kwa ogula enieni pamtengo wotsikirapo kuposa MBC kapena Zodiak, zimene zimamveka dziko lonse kuphatikizapo kumene inu mulibe sitolo. Yambani mu Epulo anthu akuyamba kukolola, ndipo mulimbikire mu Meyi ndi Juni pamene akutonola ndi kuyanika, chifukwa akathira kale mankhwala uthenga wanu wachedwa ndi chaka chathunthu. Pemphani nthawi ya madzulo anthu ataweruka kumunda, makamaka pafupi ndi nkhani kapena pulogalamu ya zaulimi, ndipo ndi bwino kumveka kawiri tsiku lililonse kwa milungu isanu ndi umodzi kusiyana n'kumveka kakhumi patsiku kwa sabata imodzi.

Uthenga wa pa wailesi uperekezedwe ndi chionetsero, njira imene ofalitsa matumba a PICS akhala akuigwiritsa ntchito m'midzi ya m'maiko ambiri a mu Africa. Pa tsiku la msika, pamaso pa a nyakwawa ndi anthu, thirani chimanga cha mulu umodzi m'matumba awiri, lina la PICS lina saka wamba, mumange, ndipo a nyakwawa alembe chizindikiro chawo pa onse awiri. Matumbawo asungidwe kwa munthu amene anthu asankha okha, osati m'sitolo mwanu. Pakapita miyezi inayi kapena isanu itananinso anthu, ndipo amene amasule chingwe akhale mayi yemwe uja wa pa wailesi. Atape chimanga cha m'saka ndi mbale n'kupungulira m'lichero, atapenso cha m'thumba linalo m'lichero lachiwiri, malichero onse awiri ayende m'manja mwa anthu kuti aliyense agwire, anunkhize ndi kulumako njere. Inu pa nthawi imeneyo musalankhule zambiri. Jambulani kanema wamfupi ndi foni, anthu ooneka mmenemo atavomera, kuti mudzamutumize m'magulu a WhatsApp chaka chotsatira kukolola kusanayambe.

Chotsiriza ndi kuwerengera ngati ndalama yanu yabwerera. Ikani kope pafupi ndi kabati ya ndalama, ndipo aliyense wogula thumba afunsidwe funso limodzi lokha, lakuti "Mwamva kuti za matumbawa?" Yankho lilembedwe pamodzi ndi tsiku ndi chiwerengero cha matumba amene wagula, kaya wati pa wailesi, kwa mnzake, pachikwangwani kapena kuchionetsero. Nyengo ikatha phatikizani ndalama zonse zimene munalipira wolankhula, situdiyo ndi wailesi, mugawe ndi chiwerengero cha matumba amene anagulidwa ndi otchula wailesi, ndipo chimene mwapezacho muchiyerekeze ndi phindu limene mumapeza pa thumba limodzi. Pochita zimenezi dziwani kuti ena mwa amene anati amva kwa mnzawo, mnzawoyo anamva pa wailesi, choncho yerekezaninso malonda a miyezi imeneyo ndi a miyezi yomweyo chaka chapitacho. Mafunso atsopano amene ogula akufunsa pakauntala alembedwenso m'kope lomwelo, tsamba la kumapeto, popeza limene lidzabwerezedwe kwambiri ndilo lidzakhale mutu wa uthenga wa Epulo wotsatira.